Kodi mbuna zingakhale mu thanki imodzi ndi ma goldfish ndi ma guppy?

wa_ku_Chilomoni

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa nkhani yoweta nsomba za m'galasi, ndisanachite chinthu choti chiphetse tinsomba tosalakwa.

Ndili ndi thanki ya 90 cm mulitali, 30 cm mulifupi, kukwera kwake 38 cm, ndiye kuti imalowa malita pafupifupi 100. Panopa muli ma goldfish awiri onenepa aja a michira yaitali, angelfish imodzi yomwe ikadali yaing'ono, ma guppy omwe akungoswana osapuma, ndi ka pleco kamodzi komwe kamakhalira kumata pa galasi. Fyuluta ndi yaing'ono ija yoika mkati pakona, hita ndilibe. Mpaka pano palibe yafa, kungoti angelfish ija kukazizira imangokhala phee kuseri kwa zomera osadya bwino.

Nkhani ndi iyi. Msuweni wanga amakhala ku Monkey Bay ndiye akuti akhoza kundipezera mbuna, tinsomba towala ta m'miyala ta nyanja ya Malawi, kwa anyamata a kunyanja, adzabwera nazo mu chidebe akamabwera ku Blantyre. Ine mtima wanga uli pomwepo chifukwa zimandiwawa kuti anthu ku Germany ndi ku America akusunga nsomba za nyanja yathu m'nyumba zawo pomwe ine Mmalawi ndikusunga goldfish yomwe kwawo ndi ku China. Ana anganso anaona zachikasu zija ndi za mizere ya buluu pa YouTube ndipo sakundipatsa mpata.

Kodi ndikaikamo mbuna zinayi kapena zisanu zing'onozing'ono zingakhale ndi zomwe zilimo kalezi? Munthu wina anandiuza kuti bola zikhale zofanana msinkhu sizilimbana, wina akuti mbuna ndi nkhanza zokhazokha. Ngati sizingatheke ndiuzeniko kuti ndi nsomba ziti zomwe zimagwirizana ndi mbuna, komanso ndi ziti zomwe ndingaonjezere kwa ma guppy angawa. Thanki ina yaikulu ndikhoza kuiganizira koma osati mwezi uno.

Mbuna_ku_Joni

Achimwene musaike. Ndifotokoze bwino kuti musaone ngati ndikungokukanizani.

Za msinkhu zija ndi theka chabe la nkhani. N'zoona kuti nsomba imameza chilichonse chokwana pakamwa pake, koma mbuna ikamapha inzake nthawi zambiri si njala ayi, ndi malo. Yamphongo ikasankha mwala wake kapena kaphanga kake, chilichonse chodutsa pafupi imachipitikitsa, nde mu thanki ya 90 cm paliponse ndi pafupi. Kunyanja yogonja imangosuntha mamita angapo nkhani n'kuthera pomwepo, koma m'galasi ithawira kuti? Mumaiona yakakhala pakona pamwamba kuseri kwa fyuluta, mtundu utazilala, zipsepse zitang'ambika, osatsika olo nthawi ya chakudya, kenako m'mawa wina mwaipeza yayandama. Ma goldfish anu a michira yaitaliwo sathamanga, mbuna zidzayambira michira yomweyo kubudula pang'onopang'ono mpakana mabala, angelfish chimodzimodzi ndi zipsepse zake zazitali zija. Ma guppy nde sitikamba, tiana tidzatha tsiku lomwelo akuluakulu n'kutsatira.

Olo zikanakhala zofatsa, madzi ake sagwirizana. Madzi a nyanja ya Malawi pH yake, muyeso wa asidi m'madzi, imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo m'miyala momwe mbuna zimakhala amafunda madigiri 24 mpaka 28. Goldfish ndi nsomba ya madzi ozizirirapo, imasangalala pa 18 mpaka 22. Angelfish kwawo ndi mitsinje ya ku Amazon, madzi ofunda koma ofewa, pH yake yosafika 7. Mukakondweretsa imodzi ziwiri zikuvutika. Ndipo angelfish yanu yomwe mukuti imakhala phee ija ikumva kuzizira basi, ku Blantyre mu June ndi July chiperoni chikagwa madzi a mu thanki yopanda hita amatsika pansi pa 20 usiku, goldfish ili bho koma iyo ayi.

Chakudya nachonso. Mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pa miyala pamodzi ndi tizilombo tating'ono tokhala mu nderemo, matumbo ake ndi aatali oyenera zamasamba. Mukamazipatsa zanyama zambiri monga ma bloodworm, tinyongolotsi tofiira tomwe angelfish imatikonda, zimasiya kudya, chimbudzi chimatuluka choyera chopyapyala, mimba n'kutupa. Matendawa amatchedwa Malawi bloat ndipo ikafika potupa kawirikawiri siichira. Zimafuna ma flakes kapena ma pellet a spirulina, mtundu wina wa ndere, pang'ono pang'ono, nde mu thanki yosakaniza simungauze mbuna kuti ichi si chako.

Mnzake wa mbuna ndi mbuna inzake, koma nazonso n'zosankha. Poyambira palibe yoposa Labidochromis caeruleus, yachikasu ija ana anu anaiona, m'mashopu amati yellow lab. Mtundu wachikasuwo unachokera chakumpoto kwa Nkhata Bay, imakula pafupifupi 10 cm ndipo ndi yofatsa poyerekeza ndi zinzake. Imakhala bwino ndi acei ya mchira wachikasu yomwe imakonda kusambira m'mwamba m'gulu, komanso ndi rusty, Iodotropheus sprengerae. Yoti muithawe ndi Melanochromis auratus. Ikakhala yaing'ono imakongola zedi, yachikasu ndi mizere yakuda yoyenda mulitali, nde anthu ambiri amayambira iyoyo, koma yamphongo ikakhwima imasanduka yakuda ndipo ikhoza kukutherani thanki yonse. Kenyi ndi demasoni nazonso si za munthu woyamba kumene.

Thanki ikhale ya 120 cm kupita mtsogolo, malita 200 kapena kuposa, chofunika kwambiri ndi kutalika kwa pansi osati kukwera. Mchenga pansi, miyala yambiri younjika mpaka cha pakati kuti pakhale mapanga ndipo nsomba zisamaonane kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Miyala muyambe kukhazika pa galasi kenako mchenga, chifukwa zimakumba ndipo mwala wokhala pa mchenga ukhoza kugwa n'kuswa thanki. Pa mtundu uliwonse yamphongo imodzi zazikazi zitatu kapena zinayi. Amphongo awiri a mtundu umodzi m'kathanki kakang'ono ndi atambala awiri m'khola limodzi.

Mwana_wa_ku_Chembe

A ku Joni anena zoona, ine ndingoonjezera mbali ya kuno kunyanja makamaka za msuweni wanuyo ndi chidebe chake.

Malo ambiri a miyala ozungulira Monkey Bay ndi Cape Maclear ali mu Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Madzi onse a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo ndi otetezedwa, kugwiramo mbuna ndi mlandu. Olo kunja kwa paki, ogwira nsomba zamoyo zogulitsa kwa oweta amakhala ndi chilolezo cha a Fisheries, ngati kampani ija anayambitsa Stuart Grant ku Kambiri Point ku Salima yomwe yakhala ikutumiza nsombazi kunja kwa zaka zambiri. Musamuike m'mavuto m'bale wanu.

Komanso chidebe mu minibasi kuchoka ku Monkey Bay kudzafika ku Blantyre dzuwa lili phwee, madzi amatentha mpweya n'kutha, zambiri zidzafika zitafa kapena zitafooka. Ndipo anyamatawo akagwira amangotola zowala kwambiri, zomwe nthawi zambiri ndi zamphongo zokhazokha, mitundu yosakanikirana, simudzadziwa kuti iyi ndi iti. Zakunyanja zimabweranso ndi tizilombo tawo m'thupi. Bola mufunefune munthu amene akuswetsa kale m'mathanki, zimenezo zinazolowera galasi ndi chakudya cha m'botolo ndipo mtundu wake umadziwika.

Mukadzabwera kuno mudzavale magalasi osambirira mudzaone nokha ku Otter Point ku Cape Maclear, mudzamvetsa zomwe akunena a ku Joni. Pamwala umodzi pamakhala nsomba zambirimbiri zikupala ndere mitu ili pansi michira m'mwamba, koma mukakhala phee kuyang'anitsitsa mumaona kuti yamphongo iliyonse yowala ili ndi kamalo kake, ina ikangolowa imatambasula zipsepse n'kuithamangira, ikafika pamalire imabwerera yokha. Mukasambira pang'ono kufika pomwe miyala yathera mchenga wayamba, mbuna zimathera pomweponso, kumeneko kuli nsomba zina. N'chifukwa chake chilumba chilichonse chimakhala ndi mitundu yakeyake, sizimakonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Nyanjayi ili ndi mitundu yoposa 700 ya ma cichlid, banja la nsomba lomwe muli mbuna ndi chambo, ndipo pafupifupi yonse simapezeka kwina kulikonse.

Nde musaganize kuti poti zonse ndi za nyanja imodzi zikhala limodzi. Utaka komanso ma Aulonocara omwe m'mashopu amati peacock ndi ofatsa, amadya zosiyana, mbuna zolusa zimawapanikiza mpaka mtundu osatuluka. Nimbochromis livingstonii, kaligono, imagona chammbali pamchenga kunamizira kufa kuti tinsomba tiyandikire n'kutimeza, imakula kuposa 20 cm, muike ndi tiana ta mbuna muone. Chambo ndi kampango ndi za m'damu kapena m'mbale osati m'galasi la pa balaza.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani nonse owerenga pano, nsomba ikakukwanani musakaitaye mumtsinje kapena m'nyanja, olo itakhala mbuna. Ku Thumbi West kuli mitundu yomwe inachokera kumpoto kwa nyanja, inatayidwa kumeneko ndi ochita malonda a nsomba kalekale, ndipo ina inayamba kuswana ndi za pomwepo. Za ku Lake Victoria mukuzidziwa, Nile perch yomwe anaikamo m'ma 1950 inatha mitundu yambirimbiri ya ma cichlid a kumeneko.

Mayi_wa_pa_Zomba

Bambo a ku Chilomoni, abambowa akamba za mbuna, ine ndikambe za nsomba zomwe muli nazo kale chifukwa nazonso zikufunika chisankho.

Thanki ya malita 100 si yaing'ono kwa nsomba zoyenera, ikhoza kukongola kwabasi, vuto ndi ma goldfish. Amakula, awo onenepawo amafika 15 cm kapena kuposa, amadya kwambiri ndipo amaipitsa madzi kuposa nsomba zonse muli nazozo kuphatikiza pamodzi, kafyuluta ka pakona sikangakwanitse akakula. Amamezanso tiana ta guppy. Ngati pali mnzanu amene ali ndi thanki yaikulu ya ma goldfish okhaokha mupatseni, adzakhala zaka zoposa 10 ali osangalala. Akachoka gulani hita, ya 100 watts ikwana, muike pa 25 kapena 26, mudzaona angelfish ija ikutuluka kuseri kwa zomera.

Ma guppy amagwirizana ndi ma platy, ma molly ndi ma swordtail, onsewa amabereka tiana tamoyo ndipo amakonda madzi olimbirapo ofanana. Pansi ikani ma corydoras, koma asakhale amodzi kapena awiri, ndi nsomba za m'gulu, asanu ndi mmodzi kupita mtsogolo, ndipo pansi pakhale mchenga wosalala chifukwa timiyala takuthwa timawadula ndevu. Ine ndimakhala nthawi yaitali kuwaonerera madzulo akufwenkha mchenga onse pamodzi, kenako mmodzi amathamanga kukatapa mpweya pamwamba n'kubwerera pansi liwiro lomwelo, ana kunyumba kuno amawakonda kuposa nsomba zowala.

Angelfish muziiyang'anira. Pano ndi yaing'ono koma ikakula imadya tiana ta guppy, zomwe mwina zikuthandizani poti mukuti akuswana kwambiri, koma musadzaikemo ma neon tetra chifukwa nawonso amakwana pakamwa pake. Ma tiger barb ayi, amabudula michira ya guppy ndi zipsepse za angelfish. Betta yamphongo nayonso ikaona mchira wowala wa guppy nthawi zambiri imalimbana nawo. Oscar olo akugulitseni motchipa ali kakang'ono musatenge, amafika 30 cm ndipo adzatsala yekha.

Ka pleco kanuko kafufuzeni kuti ndi kamtundu wanji. Ngati ndi bristlenose, yomwe yamphongo imamera tinyanga tofewa pamphuno, imathera pa 12 cm kapena kuposerapo pang'ono, palibe vuto. Koma ngati ndi pleco wamba uja amapitirira 30 cm, thanki yanu sadzakwanamo.

wa_ku_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, msuweni ndamuimbira kuti asavutike. Ma goldfish pali aneba omwe ali ndi thanki yaikulu ndikambirana nawo, hita ndigula kumapeto kwa mwezi. Ka pleco ndakayang'ana bwino tinyanga sindikutiona, kaya ndi kakakazi kaya ndi wamkulu uja.

Koma za mbuna sindinataye mtima, ndiyamba kusunga ndalama ya thanki ya 120 cm. A ku Joni ndifunseko, ndinaona pa vidiyo ina munthu atadzaza mbuna zambirimbiri mu thanki akuti zikachuluka sizimenyana. Ndi zoona zimenezi? Chifukwa kwa ine zikumveka zotembenuka, malo akachepa ndiye ndewu iyenera kuchuluka.

Mbuna_ku_Joni

Ndi zoona achimwene, ndipo ndi mmene ambiri timachitira kuno. Mukaika mbuna zitatu, yamphamvu imasankha imodzi n'kumaisaka tsiku lonse mpaka kuipha, kenako yachiwiri. Koma zikakhala 15 mu thanki ya 120 cm, ikayamba kuthamangitsa iyi ina yadutsa, yatembenukira imeneyo, yoyamba ija yalowa m'gulu yapuma. Nkhanza zimagawikana, ndipo yamphongo imalephera kutenga malo aakulu. Mitundu itatu, iliyonse zisanu, yosiyana maonekedwe, mwachitsanzo yellow lab, acei ndi rusty. Musaike mitundu iwiri yofanana maonekedwe ndi mizere chifukwa zimaonana ngati adani komanso zimaswana mosakanikirana, ana ake osadziwika mtundu.

Muziika zonse zikadali zazing'ono zikulire limodzi. Mukafuna kuonjezera ina mtsogolo musaike imodzi yokha, ikani zingapo nthawi imodzi, sunthani miyala yonse kuti aliyense ayambirenso kufuna malo, n'kuzimitsa nyali mpaka mawa. Pansi mukhoza kuika Synodontis, nyanja yathu ili nayo yake njassae, ili ndi minga mbuna siziiputa. Ma corydoras a mayi a ku Zomba m'menemo ayi.

Mtengo wake wa njira imeneyi ndi fyuluta yamphamvu ndi kusintha madzi sabata iliyonse, gawo limodzi mwa magawo atatu, osadumphitsa.

Fundi_wa_Area25

A ku Joni ndikutsutsaniko pang'ono, osati kuti mwanama ayi, njirayo imagwira, koma tikumbukire kuti munthuyu ali ku Chilomoni ndipo magetsi kuno mukuwadziwa, olo kwanuko load shedding munailawa. Thanki yodzaza imapuma ndi fyuluta. Magetsi akathima madzi amaima, nsomba 15 zikupikisana mpweya m'madzi ofunda omwe mwachibadwa amasunga mpweya wochepa, pakapita maola angapo mumaziona zonse zili pamwamba pakamwa yasa yasa, zazikulu ndi zomwe zimayamba kugwa. Ndipo si nsomba zokha, mabakiteriya abwino okhala mu siponji ya fyuluta omwe amasintha ammonia, poizoni wochokera ku zoipa za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate nawonso amafuna mpweya. Akafa, magetsi abwera inu mukuti zatha, patapita masiku awiri nsomba zikuyamba kufa ndi madzi oipa.

Nde ine maganizo anga kwa munthu wa kuno woyamba kumene, mtundu umodzi wofatsa kapena iwiri basi. Ma yellow lab asanu ndi atatu kapena khumi mu 120 cm ndi miyala yambiri, mwina ndi ma acei ochepa, simufunika kudzaza kuti muthetse ndewu chifukwa ndewu yake ndi yochepa kale. Zokongola zake sizichepa, chikasu chija pa miyala yakuda ndi mchenga woyera chimaoneka patali. Ndipo zimaswana, mudzaona yaikazi yasiya kudya kukhosi kwatupa, musati yadwala, yafungatira mazira m'kamwa ndipo imakhala choncho pafupifupi masabata atatu mpaka kulavula tiana tosambira kale. Mu thanki yodzaza tianato timadyedwa pompo, mu yopepuka tina timabisala m'ming'alu n'kukula.

Musanagule nsomba gulani kapampu ka mpweya ka mabatire kapena koyendera power bank, kameneko kamapulumutsa thanki. Ngati mulibe, tungani madzi a mu thanki momwemo ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kangapo pakapita kanthawi kalikonse, ndipo magetsi akathima musadyetse. Kukazizira fundikani thanki ndi bulangete.

Thanki yatsopano isalandire nsomba tsiku lomwe mwathira madzi, mabakiteriya aja amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti akhazikike, koma inu muli ndi mwayi, mukhoza kufinyira siponji ya fyuluta yakale mu yatsopano kuti zifulumire. Siponji muzitsuka ndi madzi ochokera mu thanki osati a pampopi, klorini amapha mabakiteriyawo.

wa_ku_Chilomoni

A Fundi mwandifika pamtima, za magetsizo ndi zenizeni. Ndiyamba ndi ma yellow lab okha. Funso lomaliza, pH ya 8 ija ndiipeza bwanji ndi madzi a pampopi, ndipo miyala ndingatole ya m'phiri la kuno kwathu?

Fundi_wa_Area25

Yambani mwayeza madzi anu, ka test kit ka pH ndi KH, muyeso wa kulimba kwa madzi komwe kumagwira pH isatsike, kamapezeka m'mashopu a nsomba kapena muitanitse kwa obwera kuchokera ku Joni. Mukapeza 7.5 kupita m'mwamba musavutike, ma yellow lab oswedwa m'mathanki amakhala bwinobwino, chomwe amadana nacho ndi pH yokwera n'kutsika. Ikakhala yotsika ikani zigoba za nkhono zophwanya kapena crushed coral mu fyuluta, zimasungunuka pang'onopang'ono n'kumaigwira isatsike. Soda wophikira yemweyu wa mu therere amakwezanso, koma muzisungunulira mu ndowa ya madzi atsopano pang'ono pokha n'kuyeza, mulingo womwewo nthawi zonse, osathira mwachindunji muli nsomba. Madzi a pampopi muzithira mankhwala ochotsa klorini musanawalowetse.

Miyala ya m'phiri ilibe vuto bola ikhale yolimba yosafumbutuka, yopanda dzimbiri kapena timizere tonyezimira ngati chitsulo, ndipo isachokere pafupi ndi munda wopoperedwa mankhwala. Kwechani ndi burashi ndi madzi otentha popanda sopo, musaiwiritse pamoto chifukwa ina imaphulika. Sankhani yosalala m'mbali kuti nsomba zisadzicheke zikamathamangitsana, ndipo tebulo loikapo likhale lolimba zedi chifukwa thanki ya 120 cm ndi madzi, mchenga ndi miyala imapitirira makilogalamu 250.